Phini Pakamwa pa Kabotolo

4 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti munafika bwino ndipo basi sinakupwetekeni msana. Kuno ndili bwino. Chichokereni inu chipinda changa chakula mwadzidzidzi, ndipo mpando umene munkakhalira pawindo ndausiya pomwepo.

Achimwene akudutsa kwathuko mawa ndi lole yawo, ndiye ndawapatsira bokosi la mankhwala odontheza m'maso amene adokotala anakulemberani. Kwathuko sapezeka, choncho ndizitumiza mwezi ndi mwezi. Ndikudziwa kuti tsiku lija munamva zonse, koma munali mutatopa ndipo nyali ya makina awo inakuthobwani m'maso, ndiye ndibwereze pang'ono.

Adokotala anati maso anu akuuma chifukwa chitetezo cha m'thupi mwanu chasokonezeka, chikulimbana ndi malo opanga misozi ngati kuti ndi adani. N'chifukwa chake mumamva ngati mwalowa mchenga, ndipo mukasoka ola limodzi mzere wa ulusi umasanduka iwiri. Mankhwalawa, dzina lake saikolosipolini, ntchito yake ndi kugonetsako chitetezocho m'masomo kuti misozi iyambenso kutuluka. Sagwira msanga. Pangapite milungu ingapo, mwina miyezi, musanaone kusintha.

M'bokosimo muli timabotolo tapulasitiki 60. Kamodzi m'mawa, kena madzulo. Musambe m'manja, mukatembenuze kabotoloko kangapo mpaka mankhwala ayere mofanana ngati mkaka, mupotokole kamutu kake, mudontheze dontho limodzi diso lililonse. Kukamwa kwa kabotolo kusakhudze diso kapena chala. Mukatha mukataye, ngakhale mankhwala atatsalamo. Akamawawa pang'ono musadabwe. Koma diso likafiira kwambiri, likamatuluka manthongo kapena kupweteka, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwina ndachulutsa. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi kuyeza madzi a m'mipope basi, ndipo inu munalera ana awiri popanda wokulemberani malangizo. Kungoti chilowereni kachidutswa ka singano m'diso lamanzere lija, lamanjali ndi lokhalo limene likukusokerani. Ndimaliganizira kwambiri.

Mundiuze za makina anu osokera, ngati lamba wake uja anapezeka. Moni kwa alamu.

Mwana wanu,
Chete

19 Malichi

Chete mwana wanga,

Moni. Kalata yako ndalandira pamodzi ndi bokosi. Mlamu wako anafuna kundiwerengera, ndinakana. Ndaiwerenga ndekha masiku awiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wodya nsomba yaminga.

Mchimwene wako akuti ukudandaula kuti sindiyankha foni. Foni ndi ya "mwafika?" ndi "ndafika." Nkhani ya munthu ndi mwana wake imafuna pepala, kuti mawa wina asadzakane.

Mankhwala ndikuthira, m'mawa ndisanatsegule shopu, madzulo ndikatseka. Amawawa, ndipo usanamize anthu kuti pang'ono. Tsiku loyamba ndinagwira m'mphepete mwa tebulo n'kutchula malemu mayi ako. Wometa wa khomo loyandikana nane anabwera akuthamanga, ankaganiza kuti ndadzisoka chala. Koma ine ndakhala pa makina zaka 41, ndabayidwa ndi singano zamitundu yonse. Kadontho sikangandithamangitse.

Lamba anapezeka, ngakhale si weniweni, amalira ngati mbuzi yomangidwa. Ntchito ilipo. Ndili ndi mayunifolomu a ana a sukulu ya mkaka, komanso diresi la mayi wina amene amanenepa pakati pa tsiku lomuyeza ndi tsiku lodzatenga, kenako n'kumati telala wadya nsalu. Singano zamanja akundilowetsera ulusi ndi mlamu wako m'mawa asanapite kusitolo kwake, singano khumi, n'kuzibaya pa kapilo. Ulusi ukaduka pa makina ndimaitana wometa uja, amabwera ndi tsitsi la anthu m'manja. Zimenezi ndiye zikundiwawa kuposa mankhwala.

Chinthu chimodzi chokha. Amene anapanga timabotoloti sanasokepo chiyambire. Munthu umayeza kaye kenako n'kudula. Apa pakufunika madontho awiri, iwo athiramo pafupifupi khumi. Akanakhala wophunzira ntchito wanga ndikanamubweza kwa makolo ake.

Udzidya mokwanira. Unaonda.

Bambo ako

3 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha kalata. Ndinaseka ndekha pa nkhani ya mayi wonenepa uja mpaka mnzanga wa kuntchito anandiyang'ana.

Nali bokosi lachiwiri. Loyamba liyenera kuti likutha mawa kapena mkuja.

Za madontho otsala, mukunena zoona kuti amathiramo ambiri. Ndinalemba ndime yonse yofotokoza chifukwa chake amati titaye, kenako nditaiwerenga inkamveka ngati ndaimirira kutsogolo kwa kalasi inu muli pabenchi, ndiye ndaifufuta. Muzingotaya monga ananenera adokotala.

Kuwawa kwachepako? Mchenga uja ukadalipo?

Chete

20 Epulo

Chete,

Moni. Khala pansi uwerenge bwino.

Dzana ulusi unaduka pa makina. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane wometa, kenako ndinati dikira. Ndinanyowetsa nsonga ya ulusi, ndinawerama, ndipo kabowo ka singano kanali pomwepo, kamodzi, osati tiwiri. Ulusi unalowa ulendo woyamba. Ndinausolola n'kuulowetsanso kuti ndione ngati inali ngozi chabe. Unalowanso. Ndinatuluka panja n'kumuuza wometa kuti ntchito yake kwa ine yatha, akafune kwina. Iye akuti ndimulembere kalata yomuyamikira.

Mchenga wachepa. Madzulo maso amatopabe, koma tsopano ndikusoka mpaka dzuwa kupendeka osapumira. Dokotala wako uja amadziwa ntchito yake, ukamuona umuuze kuti telala wavomereza.

Bokosi lachiwiri ndalandira, koma usatumizenso lina pakadali pano. Loyamba lija langodutsa theka, lachiwiri sindinalitsegule n'komwe. Osamadzivutitsa kuyenda m'masitolo a mankhwala mwezi ndi mwezi pamene zinthu zilipo.

Bambo ako

27 Epulo

Alamu,

Muli bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa ndi kuimirira pakauntala? Kalata iyi ndi yanu nokha, chonde bambo asaione.

Ndawerengera pa pepala katatu. Anayamba kuthira pa 6 Malichi. Kufika pa 20 Epulo ndi masiku 46, timabotolo tiwiri patsiku, pamayenera kukhala patatha 92. Iwo akuti bokosi loyamba langodutsa theka, ndiye kuti sitinakwane n'komwe 40.

Ndikuganiza kuti akumathira mwa apo ndi apo chifukwa cha kuwawa, koma sakufuna kundikhumudwitsa. Mukuwadziwa. Mayi akudwala, bambo ankandilembera kuti akupezako bwino mpaka sabata yomaliza. Za singano ija ndakondwera nazo, koma mwina linali tsiku labwino chabe, ndipo mankhwalawa ukamadumphadumpha phindu lake limabwerera m'mbuyo.

Sindingawafunse ndekha. Ndayesa kulemba, pepala lililonse likumatuluka ngati ndikuwanena kuti ndi abodza. Inu muli nawo nyumba imodzi. Mungandionereko masiku ochepa, mwakachetechete, ngati akuthiradi m'mawa ndi madzulo? Mwina ndikulakwitsa, ndipo ndingakonde nditalakwitsa.

Mlamu wanu,
Chete

5 Meyi

Alamu anga a yunivesite,

Tili bwino, miyendo nayo ikuyesetsa. Koma mwandigwiritsa ntchito ya upolisi ine munthu wogulitsa misomali, ndipo ndagwidwa.

Madala akuthira. M'mawa uliwonse amalowa kuseri kwa katani ya mushopu, kumene kuli shelefu ya ulusi, ndipo ndimaona mthunzi wawo akukweza mutu, kenako ndimamva akupuma ngati munthu wopondedwa chala. Madzulo chimodzimodzi. Masiku asanu ndi limodzi, sanaphonye.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinaima pakhomo ndi tsache, ndikusesa malo amodzimodzi. Anatulutsa mutu pakatani n'kunena kuti, "Mayi, simenti imeneyo yakulakwirani chiyani?" Ine ndinati ndikusesa. Iwo anati, "Chikwatiwireni pakhomo pano simunasesepo mushopu muno. Wakutumani ndani?" Ndiye inu mukundidziwa, pakamwa panga palibe loko. Ndinangoti ndi Chete.

Sanakalipe. Anangokhala pa makina n'kuyamba kupalasa mwamphamvu mpaka lamba uja anasiya kulira mbuzi n'kuyamba kulira nkhumba. Chakudya chamadzulo anadya theka.

Ine ndikuti masamu anu abwererenso kusukulu. Munthuyu akuona. Dzulo anandiuza kuti batani la bulauzi yanga lasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina, ali uko ine ndili kuno. Alembereni kalata yabwino.

Mlamu wanu wa misomali

6 Meyi

Chete,

Unandiikira mlonda m'nyumba mwanga.

Zaka 41 sindinauzepo kasitomala kuti bwerani Lachisanu n'kudzapeza chovala chisanathe. Ndinakuuza kuti ndikuthira, ndiye kuti ndikuthira. Sindinadumphe tsiku ngakhale limodzi. Zoti timabotolo tikuchedwa kutha ndi nzeru za ntchito yanga, zimene sizinalembedwe m'mabuku ako.

Ukakhala ndi funso uzindifunsa ine. Ndikadali moyo.

Bambo ako

10 Meyi

Okondedwa Bambo,

Pepani. Ndinalakwa kudutsira kwa alamu, ndipo iwo musawaimbe mlandu, ndinawakakamiza ndine. Sindinakayikire mawu anu, ndinakayikira kuwawa kwa mankhwalawo. Mwina ndinawerengera molakwika. Sindidzafunsanso.

Mwana wanu,
Chete

12 Meyi

Alamu,

Moni. Ndikulemba mofulumira chifukwa achimwene anu akunyamuka masana ano, ndipo ndili ndi yankho la masamu anu aja. Mudzaseka.

Madala ayambanso kundilankhula. Dzulo anandiitana kuseri kwa katani, akuti, "Bwerani muone, mukamuuze bwana wanu." Alamu, munthuyu ndi katswiri. Kabotolo kamodzi akumakagwiritsa ntchito masiku awiri, nthawi zina atatu. Akathira madontho awiri aja, amatseka kukamwa kwake ndi phini, limalowa ndendende ngati anapangira limodzi. Kenako amakaimika m'kabowo ka pakati pa mpukutu wa ulusi kuti kasagwe. Pa shelefu pali mipukutu itatu yochita ntchito imeneyi, wofiira, wakuda ndi wachikasu, ndipo amadziwa okha kuti lero ndi kati.

Anandionetsa ndondomeko yake yonse. Phini amalisolola n'kuliluma pamilomo, monga amachitira akamayeza munthu mpendero, amathira, kenako n'kulibwezera. Manja amasamba ndithu, ndi sopo. Akuti masiku khumi oyamba ankataya monga munalembera, koma usiku ankalota malemu apongozi akuwafunsa kuti kodi wayamba liti kutaya zinthu zabwinobwino. Mukudziwa kuti m'nyumba muno muli masaka anayi a zidutswa za nsalu, ndipo muli kachidutswa ka yunifolomu yanu ya sitandade wanu.

Ndiye musade nkhawa, mankhwala alipo mpaka kumapeto kwa chaka. Diso lamanja lafiirako pang'ono masiku awiriwa, koma akuti ndi fumbi la nsalu ya mabulangete imene akudula.

Mlamu wanu

23 Meyi

Bambo,

Kalata ya alamu ya pa 12 ndailandira lero. Inagwera kuseri kwa mpando wa lole, yakhala ikuyenda ndi achimwene masiku khumi ndi limodzi. Nditaiwerenga ndinawaimbira alamu, ndipo andiuza kuti kuyambira dzana mukuvala magalasi akuda mushopu, diso likutuluka manthongo, ndipo mukuthira mankhwala katatu patsiku kuti lichire msanga. Mwakana kulandira foni. Munati nkhani imafuna pepala. Nali pepala. Ndilijambula, ndiwatumizira alamu pafoni, akuwerengereni pompano.

Musathirenso dontho lina lililonse la m'timabotolo timeneto. Valani nsapato, mupite kuchipatala cha maso lero, osati mawa.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndinayenera kulemba kalekale. Kuntchito kwathu tili ndi timbale tokhala ndi chakudya cha tizilombo toyambitsa matenda. Ndikasamba m'manja bwinobwino n'kukhudza mbale ndi chala, n'kuiika pofunda, pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamamera timadontho, ndipo kadontho kalikonse ndi tizilombo tosawerengeka. Chimenecho ndi chala chosamba. Pakamwa pa munthu pali tochuluka kuposa apo. Mankhwala a m'maso a m'mabotolo aakulu amawathira zoletsa tizilombo kuswana. Timabotolo tanuti mulibe zimenezo, ndipo anachita dala, chifukwa zoletsazo zimapweteka maso ouma ngati anuwo. Kabotolo kakangotsegulidwa, chilichonse chimene chalowamo chingaswane. N'chifukwa chake amati kamodzi, n'kutaya.

Chachiwiri, mankhwalawa ntchito yake ndi kugonetsa mlonda wa diso. Mwagonetsa mlonda, kenako mwalowetsa wakuba ndi phini lochokera pamilomo panu, ndipo pamene wakubayo wayamba kuswa zinthu mukumuwonjezera mlonda tulo katatu patsiku. Diso louma limachita chilonda mosavuta. Chilonda chikakhala pakati, pamene mumaonera, chingasiye chipsera chosachoka. Lamanzere linapita choncho.

Munalemba kuti ndi nzeru za ntchito yanu. Mawu amenewo ndinawamva, ndipo mumtima ndinadziwa chimene angatanthauze. Ndinaopa kufunsa, ndinasankha kupepesa. Kulakwa kumeneko ndi kwanga. Pa nsalu mumadziwa ndinu. Pa tizilombo ndimadziwa ndine, ndakhala ndikutiwerenga zaka zisanu ndi zinayi.

Mutenge timabotolo tonse titatu ndi maphini ake mukawaonetse adokotala. Mukwiye nane mukabwerako.

Chete

28 Meyi

Alamu,

Pafoni ndakhala ndikukuuzani zidutswazidutswa, ndiye lero ndakhala pansi kuti mumve zonse mwadongosolo.

Kalata yanu ija ndinaiwerenga nditaimirira pakati pa shopu. Wometa anali pakhomo ndi lumo m'manja, kasitomala wake atamusiya mutu theka. Nditafika poti "pa tizilombo ndimadziwa ndine" ndinkayembekeza kuti sizasi iuluka. Nditamaliza, madala anavula magalasi aja. Alamu, diso linali lofiira ngati nyama, zikope zitamatana. Anandifunsa kuti, "Walemba yekha zimenezo?" Ndinati eya. Anati, "Ndipatseni chipewa changa."

Kuchipatala tinapeza dokotala wachizimayi, wamfupi, wosachedwa ndi nkhani. Anawathira mankhwala achikasu m'diso n'kuunikira ndi nyali yabuluu, ndipo anandiitana kuti ndione. Panali kachilonda kakang'ono ngati mutu wa phini lomwelo, chakumbali, sikanafike pakati. Anapalapo pang'ono kuti akayeze. Kenako ndinatulutsa mipukutu itatu ija m'chikwama n'kuindandalika patebulo, timabotolo tili chiimire, maphini ali pakamwa. Dokotala anayang'ana, anavula magalasi ake, anayang'ananso.

"Bambo, ntchito yanu ndi yotani?"

"Ndine telala."

"Zikuoneka. Pa ukhondo wa maonekedwe mwakhoza. Phinili mumaliika pati mukamathira?"

Madala anangoloza pamilomo.

"Ndiye mwakhala mukulavulira m'diso lanu lomwe kwa miyezi iwiri, koma mwaulemu."

Ine ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke. Madala sanagonje msanga. Anati, "Adokotala, ndiye madontho abwinobwino asanu ndi atatu azipita kudzala?" Dokotala anati, "Nsalu yotsala imadikira zaka, bambo. Izi sizidikira. Mukanabwera mochedwa ndi masiku ena awiri, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Mankhwala anu aja awaimitsa kaye mpaka chilonda chipole, akuti sathiridwa m'diso limene muli matenda. Timabotolo tosatsegula akuti tisunge. Awapatsa mankhwala ena opha tizilombo, masiku awiri oyamba ola lililonse, ndipo wowerenga maola ndi ine wa misomali yemwe. Kusitolo ndapempha sabata. Makina tawaphimba ndi nsalu. Mayunifolomu otsala tapereka kwa telala wa kumsika, ndipo madala atamva dzina lake anatembenukira kukhoma.

Tabwererako katatu. Lero dokotala akuti chilonda chasiya kukula ndipo m'mbali mwake mwayamba kuyera, koma sanalonjeze kanthu za mmene adzaonere. Madala sakulankhula zambiri. Amakhala pampando maso ali otseka, akusisita zidutswa za nsalu m'saka n'kumatchula mwini wake wa chilichonse ndi zala zokha. Dzulo anandifunsa ngati mwaimba. Ndinati kanayi. Anati, "Mwanayo adzatha mayunitsi," koma anamwetulira.

Mlamu wanu

16 Juni

Chete mwana wanga,

Moni. Kalata iyi ndikulemba ndekha, ndipo ukuona kuti mizere yake ndi yowongoka.

Chilonda chapola. Chasiya kachipsera kakang'ono chakumbali, dokotala anandionetsa pa chithunzi. Kali ngati pamene munthu wodziwa ntchito wasoka chibowo cha ndudu pa jekete, uyenera kuuzidwa kuti ukaone. Nyali ya galimoto ikandiwalira chakumanja ndimaona ngati kautsi, koma kutsogolo kuli mbee. Pa 12 anandilola kuyambanso mankhwala ako aja, ndipo ndizipita kukaonedwa mwezi ndi mwezi. Mchenga unabwererako pang'ono pamene ndinasiya, akuti uchokanso. Dzulo ndalowetsa ulusi pa ulendo wachiwiri. Wometa anaimirira pakhomo akuyembekeza kuti ndimuitana. Adikirabe.

Masiku amene ndinaletsedwa makina ndinaganiza zambiri. Ndinapeza kuti vuto silinali kusamva. Vuto ndi loti dzanja langa silidziwa kutaya. Ndiye ndalikonzera njira. Mlamu wako anabweretsa chitini cha penti chopanda kanthu, ndaboola kabowo pachivindikiro kongokwana kabotolo, ndipo chivindikirocho ndakhomerera. Ndikathira ndimaponyamo msanga mtima usanayambe kulankhula. Kamalira kuti kho pansi, ndipo ndimamva ngati ndataya mita ya nsalu yatsopano. Kawiri patsiku. Diso limawawa mphindi imodzi, mtima mphindi zisanu.

Ndasokanso nsalu ya matumba 60, mizere iwiri, wa m'mawa ndi wa madzulo, thumba lililonse kabotolo kamodzi. Yapachikidwa pakhoma, kutsogolo kwa katani osati kuseri, kuti aliyense wofuna upolisi aziwerenga yekha osavutitsa tsache. Ndaisoka ndi zidutswa za m'saka. Thumba loyamba ndi yunifolomu yako ya sitandade wanu, lomaliza ndi diresi lobiriwira la mayi ako. Uone tsono kuti kusunga si koipa konse.

Kalata yako ija mlamu wako anakaisindikiza pa pepala, ndaiwerenga ndekha kangapo. Ndinakutcha Chete uli ndi zaka zinayi chifukwa unkakhala pansi pa tebulo lodulira tsiku lonse osatulutsa mawu, ukutola maphini. Ndinkanyadira kuti ndili ndi mwana wosavuta. Sindinaganize kuti tsiku lina ukhoza kudziwa chinthu n'kuchifufuta poopa ine. Ndime imene unafufuta mu Epulo ija inali yanga, unalibe ufulu woitaya. Ukadziwa kanthu uzinena, ngakhale nditapalasa makina mpaka lamba kuduka.

M'kona mwa pepalali ndabayamo phini. Ndaliluma kamodzi monga mwa nthawi zonse, n'kulikulunga m'kapulasitiki. Ukalidzale m'mbale yako ija. Sikuti ndikukayika, koma telala sakhulupirira muyezo umene sanauone.

Bambo ako

25 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Phini linafika bwino, ngakhale linabaya achimwene chala.

Ndinapempha chilolezo kwa abwana anga, anaseka n'kundipatsa mbale ziwiri. Pa yoyamba ndinagudubuzapo phini lanu. Pa yachiwiri phini latsopano limene ndinaliwotcha kaye pamoto. Zithunzi zonse ziwiri ndaika muenivelopu muno. Sindinalembe kuti iyi ndi iti. Muli ndi diso, muona nokha.

Mankhwala amene muli nawo akufikitsani pakati pa Julayi. Bokosi lachitatu sindipatsira achimwene, ndibwera nalo ndekha pa 10. Ndidzawerenga matumba, ndipo chitinicho ndidzachigwedeza.

Ndibweranso ndi jekete yanga yakuntchito. Thumba lamkati linang'ambika chaka chatha, ndakhala ndikuligwira ndi phini. Ulusi mudzalowetse nokha, ine ndidzakhala pansi pa tebulo ndikuonerera.

Kalata iyi ndailemba kamodzi, ndipo sindinafufute kanthu.

Mwana wanu,
Chete